Sailensa ya ku Zumbo

Motoka ya amuna anga ndinali kuimva isanaoneke. Si ine ndekha, mudzi wonse unali kuimva, ndi mbuzi zomwe. Koma ena anali kumva phokoso chabe, pamene ine ndinali kumva ulendo wonse: afika pati, aima pati, aima nthawi yaitali bwanji.

Ndi vaneti yakale ya dizilo, ya mphuno yaitali, ya mpando umodzi kutsogolo. Anaigula atasiya udalaivala ku Lusaka, ndipo ngakhale nthawi imeneyo inali yokalamba kale. Mabwana obwera kudzawedza mcheni pa Zambezi amaima n'kuijambula, ena amafunsa ngati ili pa malonda. Amuna anga amawayankha kuti ayambe agula mwini wake. Ntchito yake ndi imodzi. M'mawa amapita ku midzi ya ku Kavalamanja, amanyamula nsomba, tomato, repu ndi eni ake, n'kubwera nazo ku msika wa ku boma. Nthawi zina amapeza wodwala wofuna kufika ku chipatala cha ku Katondwe. Nyumba yathu ili pa msewu womwewo, ndiye pobwerera amadutsa pakhomo pathu asanafike ku boma.

Sailensa ya motokayo inaola kalekale n'kugwa. Amuna anga sanafune ina. Anadula paipi ya ekizozi n'kuipinda kuti itulukire pansi pa chitseko cha kumanzere, kumene amakwerera wokhala kutsogolo. Anansi anadandaula, ana athu anadandaula, ine sindinakambe kalikonse. Paipi yaifupiyo inali kundigwirira ntchito ziwiri, ndipo palibe amene anali kudziwa.

Ndiyambe ndakamba chifukwa chake, kuti musandiyese wamisala. Zaka zimene amuna anga anali ku Lusaka, anali ndi mkazi wina ndi nyumba ina m'komboni. Zaka zinai, mpaka mwana. Apongozi anga anali kudziwa, akudya ndiwo zanga tsiku ndi tsiku. Mng'ono wanga weniweni anali kudziwa. Azimai a kutchalitchi anali kudziwa, n'kumandiyamikira kuti ndine wolimba mtima, ine osamva kuti akutanthauza chiyani. Ndinadzamva kwa mai wina wogula nsomba, amene sanadziwe n'komwe kuti akukamba ndi mkazi wake. Nkhaniyo inatha, tinakhululukirana pamaso pa ansembe, mwanayo lero ndi munthu wamkulu ndipo akabwera ndimamuphikira. Koma ndinalumbira mumtima kuti sindidzakhalanso womalizira kudziwa. Adzukulu anga amandiseka, ati ambuya, mudala wanu mano anatha, angapitenso kuti? Ine ndimangowayangana. Amene anandibisira aja nawonso anali okamba mokoma.

Ntchito yoyamba ya paipiyo inali ya makutu. Kuno kuli zii, ndipo mapiri amabweza mawu. Dzuwa likayamba kuluma, ndinali kukhala pa khonde ndi lichero la masau ouma, manja akusankha, makutu ali ku msewu. Chakumadzulo kwathu kuli kaphiri ka miyala. Pokwera pamenepo motoka inali kutsokomola kawiri posintha giya. Ikatsika, pali kamtsinje kouma ka mchenga, ndipo mawu ake anali kulemera ngati ng'ombe yokoka ngolo. Ikatuluka m'mchengamo, ndiye kuti ndiike madzi akumwa pa mpando. Batire yake ndi yofooka, kotero amuna anga sazima injini akaima, kuopa kufuna anthu okankha. Akaima, ndinali kumva gu-gu-gu pamalo amodzi. Nthawi yake ndinali kuiyesa ndi korona. Kukweza munthu mmodzi ndi beseni lake la nsomba ndi mikanda khumi, osapitirira. Ndinayesa zaka zambiri, ndikudziwa.

Chaka chatha, pa kamtsinje ka mchenga paja, mikanda inayamba kufika makumi awiri. Tsiku lina makumi atatu.

Pamenepo amakwererapo mai wina wamasiye. Kwawo ndi ku Zumbo, tsidya la Luangwa, koma anaoloka kalekale ndi amuna ake, amene anamwalira mvula zitatu zapitazo. Nyumba yake siili pa msewu, ili kumunsi, kufupi ndi madzi, kumene amagula nsomba kwa asodzi. Timapemphera tchalitchi chimodzi. Ndi munthu waukhondo, wa mawu apansi, ndipo amanditcha mana, monga mwa kwawo, ndiye kuti mkulu wake. Sanandilakwirepo ndi pakamwa. Ndicho chimene chinali kundivuta. Munthu wakutukwana umadziwa pamene waima naye.

Ntchito yachiwiri ya paipi inali ya maso. Utsi wa dizilo uli ndi mwaye. Aliyense wokwera kutsogolo injini ikulira anali kuima pamphuno pa paipiyo, ndipo inali kumulavulira m'mphepete mwa chitenje. Mwaye umenewo sutha ndi sopo, umasiya kamzere kotuwa. Zitenje zanga zonse zakale zili nako. Anthu a nsomba amakhala kumbuyo ndi mabeseni awo, kutsogolo ndi kwa odwala ndi ine. Lamulo limenelo sindinaliike ndine, analiika okha amuna anga.

Sabata lina m'tchalitchi ndinagwada kumbuyo kwa mai uja. Chitenje chake chinali chatsopano, cha masamba obiriwira, chosita bwino. M'munsi mwake munali kamzere kanga. Misa yonse sindinamve kanthu. Ndinapita kukalandira, ndinabwerera, maso ali pa kamzereko.

Titafika kunyumba ndinafunsa amuna anga mofatsa, ndikuwapatsa madzi, kuti kodi masiku ano kutsogolo kumakhala ndani. Anati odwala. Ndinafunsa ngati mai wa ku Zumbo akudwala. Anati mawondo. Mawondo ake amavuta kukwera kumbuyo, ndipo kuchedwa kuja ndi kumudikira akwere chitunda kuchokera kumadzi. Ndinawauza kuti mawondo ali boma lonse, ngakhale ine ndili nawo awiri. Anaseka, n'kupita kukayangana mbuzi. Kuseka kwawo ndimakudziwa. Kuli kwa munthu wosalakwa, kuli kwa munthu wofuna nkhani ithe, ndipo pa zaka zonsezi sindinaphunzire kuzisiyanitsa.

Mwezi wa dzuwa loopsa, mvula isanagwe, paipi inagunda mwala pa kamtsinje komweko n'kung'ambika pafupi ndi injini. Utsi unayamba kulowa m'kati. Amuna anga anafika maso ali psuu, mutu ukuwawa, n'kugona pa mphasa osadya. Apo panalibe kukana, motoka inayenera kupita kwa makanika. Inakhala masiku atatu pakhomo. Tsiku lachitatu munthu wa njinga anasiya chinthu chokulunga m'saka pa khonde langa. Ndinamasula. Inali sailensa, yaitali ngati mkono, yowonda, yopukutidwa mpaka kuwala.

Amuna anga anati ndi mphatso. Mai uja analipo pamene paipi inang'ambika, ndiye anatuma mawu kwa mlamu wake ku Zumbo, amene ali ndi motoka yakufa kuseri kwa nyumba. Sailensayo inaoloka pa bwato pamodzi ndi matumba a nsomba. Anali kukamba akuisisita ndi chala.

Ndinaiyangana nthawi yaitali. Nzeru yanga inandiuza chinthu chimodzi: akufuna kunditseka makutu. Winawake wazindikira kuti ndimamvera, mwina mai uja, mwina onse awiri anapangana pa mikanda makumi atatu ija. Motoka ikhale chete, aime pamene afuna, ine ndizisankha masau ngati chitsiru. Ndipo chinthu cha mkazi wina chimamatire pansi pa motoka ya pakhomo panga, chiziyenda nawo kulikonse. M'mawa mwake amuna anga atatuluka anandipeza ndakhala kale kutsogolo, ndavala nsapato. Anafunsa kuti ndikupita kuti. Ndinati kwa makanika. Anati kuyambira liti ndimadziwa za motoka. Ndinati kuyambira lero.

Makanika wa ku boma ndi bambo wa imvi zochepa, anaphunzira ntchito ku migodi, ndipo Chinyanja chake ndi cha m'tauni, chosakaniza. Amagwirira pansi pa mtengo waukulu, kufupi ndi njira yotsikira ku doko. Alibe dzenje la simenti. Amaimika motoka pamwamba pa ngalande ya madzi a mvula, iye n'kulowa m'ngalandemo. Anandipatsa mpando wa motoka ina yakufa, ndinakhala pamthunzi, chikwama pamiyendo.

Atatuluka pansi, anatenga kamtengo n'kujambula motoka pa dothi. Anati njira zilipo zingapo, tisankhe tokha. Paipi ingatulukire pambali monga kale, kutsogolo kwa tayala la kumbuyo. Ndi yaifupi, siigunda miyala kawirikawiri, koma utsi ndi phokoso zili pa khutu la wokwera. Ingapite mpaka kumbuyo, koma iyenera kukwera pamwamba pa ekiselo ya matayala akumbuyo n'kutsikanso, ndipo ikatulukira kumbuyo kwenikweni, mphepo imabweza utsi pa nsomba ndi pa anthu. Kuti zisatero amaipinda iyangane pansi, kuseri kwa tayala la kumanja. Ingaimenso chilili kuseri kwa mutu wa dalaivala ngati ya thirakitala, koma nthambi za msewu wa ku Kavalamanja zingaithyole sabata limodzi.

Amuna anga asanatsegule pakamwa ndinati ikhale monga kale, yaifupi, ya pambali, yopanda sailensa. Makanika anandiyangana, n'kuyangana amuna anga. Ndinati msewu uja uli ndi njovu. Phokoso ndilo limazichenjeza zichoke motoka isanafike. Mukufuna mudala wanga akakumane ndi njovu ya mwana pa kona, ali chete ngati njinga? Ndinakamba bwino kwambiri, mpaka ine mwini ndinayamba kuopa njovuzo. Amuna anga anati mphatso siibwezedwa, munthu wavutika kuiolotsa. Ndinati sindinamutume.

Makanika anatola sailensa ya ku Zumbo ija, anaigwedeza pa khutu, kenaka anaiimika kuloza kumwamba.

"Ba mayo, bwerani muyangane muno. Muona chani?"

Ndinaika diso. Ndinaona masamba a mtengo ndi kuwala.

"Ndiye nkhani yake iyo. Iyi ilibe zipinda m'kati, ni paipi chabe ya tumabowo. Siipha phokoso, iikonza chabe. Motoka izaleka kukuwa, izayamba kuimba. Koma kumveka, izamveka patali monga kale, kapena kupambana."

Anatiuza kuti sailensa yeniyeni ndi ina, n'kuloza pa mulu wa zitsulo pamene panali chibokosi chachikulu chonga mtsamiro. M'kati mwake muli zipinda, utsi umazungulira, ukamatuluka mawu atha. Koma amuna anga anali akumwetulira kale, ati mwaona amai, njovu zanu zizamva, mphatso nayo siibwerera, tonse tapambana.

Ine sindinamwetulire. Nzeru yanga ija inali itagwa, ndipo ndinalibe ina. Ngati safuna kunditseka makutu, akufuna chiyani? Munthu saolotsa chitsulo pa bwato popanda chifukwa.

Sindinadikire nthawi yaitali. Mai uja anali ku doko tsiku limenelo, anabwera ndi bwato la asodzi popeza motoka inali yakufa. Tinamuona akukwera njira pang'onopang'ono, beseni lopanda kanthu m'khwapa. Anapatsa moni amuna anga, anapatsa moni makanika, kenaka anabwera kudzagwada pafupi ndi mpando wanga. Ndinaona kuti pogwada anagwira pansi ndi dzanja. Mawondo ndi oona, ndinavomera mumtima, koma zoona zimodzi sizitsuka zina. Anafunsa ngati chitsulo chakwana. Ndinati tikali kuona. Kenaka ndinamufunsa, ngati munthu wongocheza, kuti bwanji anasankha yobowoka, pamene zachete zilipo.

Anaseka, anaphimba pakamwa ndi dzanja.

"Mana, ndinachita kumuuza mlamu wanga kuti asanditumizire yopha mawu. Motoka iyi ndiyo wotchi yanga. Nsomba sindingadikire nazo pa msewu, dzuwa lingaziwononge, ndiye ndimakhala nazo kumadzi. Ikatsokomola kawiri pa kaphiri paja, ndimasenza. Ikatsokomola kamodzi, ndiye kuti katundu ndi wochepa, ifika msanga, ndifulumire. Ngakhale tsiku limene abambo atopa ndimamva. Amachedwa kusintha giya, injini imalira nthawi yaitali isanatsokomole."

Anakamba zimenezi poyera, makanika akumva, amuna anga akumva. Mwina mumtima mwake munalibe kanthu. Sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa. Za kutopa zija ndinali kuzidziwa. Injini ikalira nthawi yaitali pa kaphiri, ndinali kuyamba kutenthetsa madzi osamba. Sindinauzepo munthu, ngakhale mwini wake. Ndinali kuyesa kuti ndi changa ndekha, chimene ndinatola pa zaka zonse za ukwati, zokoma ndi zowawa. Kani tinali awiri. Ine pa khonde, iye kumadzi, nthawi imodzimodzi, mitu yopendekera mbali imodzi, kumvera mwamuna mmodzi. Kamzere ka pa chitenje kanali kochepa poyerekeza ndi ichi. Mpando munthu angakhalepo chifukwa cha mawondo. Koma kudziwa kutopa kwa mwamuna wa mwini pa kulira kwa injini, pamafunika kumvera masiku ambiri, ndi mtima wonse.

Ndinayangana amuna anga. Anali kuyangana pansi, pa chithunzi cha motoka chija, koma makutu awo anali atakondwa. Mwamuna akauzidwa kuti pali womumvera, nkhope imasintha, ngakhale akhale wopanda mano.

Ndinafunsa makanika ngati chibokosi chija n'chamoyo. Anachitola, anachigwedeza, munalibe dzimbiri lolira m'kati. Anati chili bwino, chinachoka ku motoka imene inagubuduzika ikali yatsopano. Koma anandichenjeza kuti n'chachikulu, sichingakwane ndi paipi yaifupi ya pambali. Chikalowa icho, paipi iyenera kupita mpaka kumbuyo, pamwamba pa ekiselo, kukatulukira kuseri kwa tayala la kumanja.

Ndinamva bwino zimene anali kundiuza, ngakhale iye sanadziwe. Makutu anga apita, kamzere ka mwaye nako kapita. Ndikhala pa khonde ngati nkhuku yophimbidwa ndi dengu. Ndinaganiza za Lusaka, za apongozi anga akutafuna ndiwo zanga, za lumbiro langa lija. Kenaka ndinayangana mai uja, atakhala pansi miyendo yotambasula, akupukuta beseni lake ndi nsonga ya chitenje, ndipo ndinaona kuti sindingathe kumvanso motokayo ikutsokomola pa kaphiri ndikudziwa kuti kumadzi wina akuimirira.

Ndinati aike chibokosi.

"Nanga njovu zanu zija, amai?" anafunsa amuna anga.

"Zinazolowera. Munaionapo njovu ikuthawa motoka yanu?"

"M'mawa muno zinali zisanazolowere."

Makanika anavala magalasi ake akuda owotcherera, ngakhale moto anali asanayatse, mapewa akugwedezeka. Ndinawauza amuna anga kuti aganize za odwala amene amafika ku Katondwe mutu utawonjezeka, aganize za makutu awo omwe, amene masiku ano ndimachita kuwaitana katatu. Zonsezo zinali zoona. Anayamba kukamba za mphatso, ndinati mphatso ndibweza ine, mwaulemu, ndi nkhani ya azimai. Kenaka anauza makanika kuti achite zimene amai anena, iwo ndi dalaivala chabe.

Ndinakulunga sailensa ya ku Zumbo m'saka lake n'kuipereka kwa mai uja ndi manja awiri. Ndinathokoza, ndinati akathokozenso mlamu wake, koma makanika waona kuti ina ndiyo iyenera. Analandira ndi manja awiri. Ndinayangana nkhope yake bwinobwino, pakamwa, m'maso, pakhosi. Anangoti, zikomo mana, ndiye ndiona mmene ndizichitira ndi nsomba. Anaika sakalo m'beseni, anasenza, n'kutsika njira ya ku doko.

Ntchito inatenga masana onse, ndipo sindinachoke. Makanika anayamba ndi waya wa mpanda. Analowa nawo pansi, anaupinda kutsata njira imene paipi idzadutse, kupewa thanki, kukwera ekiselo, kusiya mpata woti masipulingi akaphwa ndi katundu paipi isaphwanyike. Anatuluka ndi wayawo wopindikapindika ngati njoka. Kenaka anadzaza paipi yatsopano ndi mchenga wouma wa kumtsinje, anatseka uku ndi uku ndi zitsa, anaitentha ndi gasi mpaka kufiira, n'kumaipinda pa mphanda ya mtengo kutsata waya uja. Anati popanda mchenga paipi imafinyika pa kona, utsi n'kumabanika. Zokolowekera anadula ku tayala lakale, kuti chibokosi chizigwedezeka osathyoka pa mabampu. Amuna anga anali kumuthandiza kugwira, osandiyangana. Ndinagula mabanzi ndi madzi ozizira, tinadya atatu osakamba zambiri.

Atailiza, ndinayesa kuti yakana kulira. Ndinachita kuona bonati ikunjenjemera. Pobwerera kunyumba tinamva zinthu zimene sitinazimvepo: chitseko chikugogoda, galasi likulira, mabawuti ena pansi pa mpando. Kwa zaka zambiri m'motokamo munthu sunali kukamba, unali kukuwa kapena kuloza ndi chala. Tsopano mpata wokamba unalipo, ndipo tinaupeza waukulu. Amuna anga anatsokomola, anati mvula ichedwa chaka chino. Ndinati inde.

Sabata loyamba linali loipa kuposa mmene ndinaganizira. Ndinakhala pa khonde ndi lichero, mapiri ali chete. Ndinamva njiwa, ndinamva mpope wa ku dimba la anansi, ndinamva mtima wanga. Korona ndinali nayo m'manja, koma ndiyese chiyani? Motoka inali kungotulukira pa mpanda ngati yagwa kumwamba, nthawi zina msanga, nthawi zina mochedwa, ndipo kuchedwako kunalibe malo. Kungakhale kwa asodzi, kungakhale kwa tayala, kungakhale kwa pa kamtsinje. Ndinafunsa mkazi wa m'bale wanga amene amakwera kawirikawiri, anati sanaone kanthu. Anayankha msanga kwambiri. Sabata m'tchalitchi ndinagwada kumbuyo kwa mai uja mwa chizolowezi, chitenje chake chili choyera mpaka pansi, ndipo kuyerako sikunandiuze kalikonse.

Lolemba lotsatira ndinadzuka m'mawa, ndinavala nsapato. Ndinati ndikufuna kuyamba kugula ndekha tomato wa ku Kavalamanja, wa kuno ndi wamadzi. Amuna anga sanafunse zambiri, anangochotsa sipanala pa mpando. Msewu uja ndi woipa, msana wanga si wa mtsikana, ndipo pofika uko ndinali kutsika ngati nkhalamba ya zaka zana. Koma pobwerera, titatsika kaphiri n'kulowa m'mchenga, pa msewu panalibe munthu. Amuna anga anayangana kumunsi kamodzi, sanaime. Lachiwiri chimodzimodzi. Sindibisa, ndinakondwa. Ndinaganizako za nsomba zake, kuti kaya akuzigulitsa bwanji, koma ndinadziuza kuti mabwato alipo, ndipo ndinagona bwino.

Lachitatu tinanyamula katundu wambiri, kumbuyo kuli azimai asanu ndi matumba a makala. Motoka inakwera kaphiri movutika, mwakachetechete. Titafika pamwamba, amuna anga anachotsa phazi pa mafuta, anaika chikhatho pakati pa chiwongolero, n'kuliza hutala kawiri. Koyamba kotalika, kachiwiri kakafupi.

Ndinawayangana.

"Mbuzi," anatero.

Ndinayangana kutsogolo, ndinayangana m'mbali zonse ziwiri. Panali miyala ndi mitengo youma.

Pamene tinafika pa kamtsinje, mai uja anali atatsala pang'ono kumaliza chitunda, beseni pamutu, dzanja limodzi pa bondo. Sanadabwe kumva hutala, ndiye kuti silinali tsiku loyamba. Sabata lija ndinali pa khonde ndi njiwa zanga, iwo anali atapeza kale njira. Lolemba ndi Lachiwiri anangondichitira manyazi, Lachitatu manyazi anatha. Anandipatsa moni pa windo, mana mwauka bwanji, ndinayankha bwino. Amuna anga anatsika, anamutula beseni, anamugwira mkono pokwera kumbuyo. Ndinawerenga mumtima, popanda korona. Sizinafike ngakhale mikanda khumi. Koma hutala wa motoka ija ndi wamng'ono, mawu ake amatsikira kumadzi, sangafike pakhomo panga. Kale tinali kumva awiri. Tsopano akumva yekha, ndipo akuchita kuitanidwa. Zimenezi ndinazipanga ndi manja anga, pansi pa mtengo uja, anthu akuona.

Kuyambira pamenepo ndimakwera masiku ambiri. Tomato wadzaza nyumba, ndimagawira anansi, ena ndimayanika. Masiku amene msana wakana, ndimakhala pa khonde osagwira ntchito iliyonse. Hutala amalira ndilipo, ndiye ndikhulupirira amaliranso ine kulibe. Mbuzi sazitchulanso.

Mwezi watha, amuna anga ali ku msika, ndinapita ndekha kwa makanika. Ndinati ndabwera kudzathokoza, chibokosi chikugwira bwino. Tinacheza za mvula. Kenaka ndinafunsa kuti kodi hutala amalira bwanji, mphamvu yake imachokera kuti. Anatsegula bonati ya motoka ina yofanana ndi yathu, n'kundionetsa kawaya kamodzi, kowonda, kotsikira kuseri kwa nyale ya kumanzere. Anati kakachoka ako, basi, hutala wafa. Kenaka anandiyangana pamwamba pa magalasi ake, n'kuwonjeza kuti apolisi a pamsewu amayamba ndi hutala poyesa motoka, ndiponso pa msewu uja pamadutsa ana a sukulu.

Ndinamuuza kuti ndinali kungofunsa. Sindinakadule. Koma ndikudziwa pamene kali, ndipo m'mawa uliwonse amuna anga akamathira madzi m'motoka, bonati ili yotsegula, ndimaima pambali pawo ndi ndowa, n'kumakayangana.